Musanagule sefa, yambani mwadziwa madzi anu

Ana anga amene mwayamba kumene kukhala panokha, kaya mwalowa m'banja, kaya mukuchita lendi ku Kawale, ku Ndirande kapena ku Chibavi, ndikufuna tikambirane za madzi a m'nyumba mwanu. Ndaona kuti ambiri mwa inu mukangoyamba kulandira kangachepe, maso amathamangira ku makina osefera madzi amene akutsatsidwa pa Facebook, ena chifukwa choti mnzawo wa kuntchito ali nawo kale. Kufuna madzi abwino ndi nzeru, pamenepo sindingakudzudzuleni. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kugula mankhwala musanadziwe matenda. Sefa iliyonse ili ndi zimene imachotsa m'madzi ndiponso zimene imangozilola kudutsa, koma wogulitsa amangotchula zoyambazo. Zinazo amakuuzani mukachita kumupanikiza ndi mafunso, ngati iye mwiniyo akuzidziwa n'komwe.

Yambani mwadziwa kumene madzi anu amachokera. Inu a ku Blantyre, madzi anu ambiri ndi a mumtsinje wa Shire. Amawatunga ku Walker's Ferry n'kuwakankha ndi mapampu amagetsi kukwera mtunda wautali mpaka mumzinda, n'chifukwa chake magetsi akavuta mipopi nayo imauma. Ena amachokera ku damu la Mudi ndi ku Likhubula, kuphiri la Mulanje. A ku Lilongwe mumamwa mtsinje wa Lilongwe umene anautchinga ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. A ku Zomba mumadalira damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, a ku Mzuzu damu la Lunyangwa. Madzi onsewa asanalowe m'mapaipi amawadikhitsa kuti matope akhale pansi, amawasefa, kenako amathiramo klorini. Kafungo ka klorini kamene ena a inu mumadana nako ndi umboni woti mankhwala afika mpaka pampopi panu. Ine ndikakamva ndimamwa mtima uli m'malo.

Madzi amenewa akaipa, kawirikawiri amaipira panjira. Mapaipi ena ndi akale, ena anang'aluka, ena amadutsa m'ngalande ndi m'mbali mwa zimbudzi. Pamene madzi akuyenda ndi mphamvu, paipi yong'aluka imangotaya madzi kunja. Koma madzi akasiya, paipi yopanda kanthuyo imayamwa zonyansa za kunja kudzera m'ming'alu yomweyo. N'chifukwa chake madzi oyamba kubwera mipopi itauma masiku awiri amakhala ofiira. Amenewo musatungire mumtsuko. Alekeni ayende mpaka ayere, ndipo oyambawo kolopereni m'nyumba, thirirani masamba kapena gejemulirani chimbudzi.

Madzi a pamjigo ali ndi khalidwe lina. Mjigo wakuya, wa simenti yosasweka pakamwa pake, wotalikirana ndi chimbudzi mamita 30 kapena kuposerapo, nthawi zambiri umapereka madzi opanda tizilombo. Koma madzi a pansi amasungunula zimene zili m'miyala. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli mijigo ya madzi amchere imene anthu anaisiya n'kubwerera kumtsinje. Kwina madzi amatuluka oyera koma akakhala pang'ono mundowa amasanduka ofiirira, n'kumathimbiriritsa zovala ndi sinki. Chimenecho ndi chitsulo, chimanyansa m'maso ndi m'kamwa koma si choopsa kwenikweni. Choopsa ndi mchere wina wotchedwa fluoride, umene ulibe mtundu, fungo kapena kakomedwe. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, koma ukapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi, malire amene bungwe la World Health Organization linaika, umadetsa mano a ana, ndipo ukachulukitsitsa kwa zaka zambiri umawononga mafupa. Madera ena a ku Nathenje, ku Machinga ndi kuchigwa cha Shire amadziwika ndi vutoli. Mukasamukira kudera lachilendo, yang'anani mano a ana amene anabadwira n'kukulira komweko. Akakhala ndi madontho achikasu kapena akuda pamene anawo amatsuka m'kamwa, funsani za madzi. Dziwaninso kuti kuwiritsa sikuchotsa fluoride kapena mchere. Madzi akamaphwera pamoto, mcherewo umatsalira mumphika n'kuchulukirako.

Amene amapusitsa anthu kwambiri ndi madzi a m'zitsime zokumba pamanja m'malokeshoni. Mapuloti ndi ang'onoang'ono, chitsime cha uyu chili mapazi owerengeka kuchokera pa chimbudzi cha mnzake. Madzi amatuluka oyera mbee, ozizira bwino, koma tizilombo ta kolera, tayifodi ndi kamwazi sitisintha maonekedwe a madzi. Mukukumbukira kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atangodutsa kumene. Anafalikira m'maboma onse, anapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyeyo. Sanali matenda a kumudzi kokha.

Ngati mwakumbitsa mjigo kapena chitsime pakhomo panu, tumizani madzi akayezedwe banja lisanayambe kumwa. A Malawi Bureau of Standards amayeza madzi, boma nalo lili ndi labotale ya za madzi, ndipo alangizi a zaumoyo a kwanu angakuuzeni koyenera kupita ndi katungidwe kake. Ndalama yoyezetsera ndi yochepa poyerekeza ndi imene mwapereka kale kwa okumba. Kuyeza kumeneku musakusokoneze ndi chionetsero cha ogulitsa makina. Iwo amabwera ndi kachida kooneka ngati cholembera, n'kukaviika m'kapu, nambala n'kutuluka, iwo n'kugwira pakamwa ngati aona zoopsa. Kachida kameneko kamangoyeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, sikaona kachilombo ngakhale kamodzi. Madzi a nambala yotsika akhoza kukhala ndi kolera, a nambala yokwererako n'kukhala abwinobwino. Ena amaviika tizitsulo tolumikiza kumagetsi, madzi n'kusanduka ofiira kapena obiriwira ngati a m'dambo, iwo n'kumati izi ndi zimene mumamwa tsiku ndi tsiku. Zofiirazo zikuchokera ku chitsulo chawo chomwecho chimene magetsi akuchisungunula. Safunsa anadya phula.

Mukadziwa kuti vuto lanu ndi tizilombo, monga zilili kwa ambiri a ife, njira zake n'zotsika mtengo kuposa mmene mukuganizira. Ine ndimaika klorini patsogolo. Muyezo wa kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mundowa ya malita 20, kutakasa, kudikira mphindi 30, basi. Nthawi ya kolera alangizi a zaumoyo amagawa klorini wosungunula kale, ndipo muyezo wake muzitsatira umene iwo akuuzani. Ufa wa klorini wotchedwa HTH musamauthire mongoyerekeza ndi maso, ndi wamphamvu kwambiri ndipo umawotcha. Jik wonunkhiritsa ndi wochapira, asalowe m'madzi akumwa. Ubwino wa klorini ndi woti amatsalira m'madzi kwa maola angapo, kotero kuti mwana akapisa kapu yakuda mundowa chitetezo chimakhala chilipobe. Koma m'madzi amatope mphamvu yake imathera pa matopewo. Otere yambani mwawadikhitsa, muwasefe pa nsalu yoyera yopinda kangapo, kenako muthire mankhwala. Njere zouma za chammwamba, mukazisinja n'kuzitakasira m'madzi, zimathandiza kugwetsa matope pansi, ngakhale kuti pazokha sizimaliza tizilombo.

Kuwiritsa kumagwira ntchito, madzi akabwata ndithu kwa mphindi imodzi, osati kungofunda. Koma makala akwera mtengo, mitengo ikutha, ndipo madzi owiritsa akazizira alibe chowateteza. Palinso njira ya dzuwa: kuthira madzi oyera m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita 2, n'kuwagoneka padenga la malata maola 6 dzuwa likuswa mtengo, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Njirayi ndi yoona, kungoti imafuna munthu wosatopa ndi kukwera padenga tsiku ndi tsiku.

Mwa masefa onse, imene ndimaikhulupirira pa banja wamba ndi yadothi. Ina imaoneka ngati mphika wokhazika pakamwa pa ndowa, ina ngati kandulo yomangirira pakati pa ndowa ziwiri, yapamwamba yothiramo madzi, yapansi yokhala ndi kampopi. Poumba ya mphikayo amasakaniza dothi ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Akaiotcha mu uvuni utuchiwo umapsa n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso, timene madzi amadutsamo koma matope, mazira a njoka za m'mimba ndi mabakiteriya ambiri amakanika. Sefa imeneyi sifuna magetsi kapena madzi amphamvu a pampopi. Imasefa pang'onopang'ono, lita imodzi mpaka atatu pa ola, ndipo musaide chifukwa cha kuchedwako. Tsiku limene mudzaione ikutulutsa madzi mothamanga musadzasangalale, yang'aluka, zonse zikungodutsa. Ikayamba kuchedwa mopitirira muyezo, kwechani mbali imene imakhudzana ndi madzi akuda ndi kabulashi kofewa, popanda sopo, mutasamba m'manja. Ndowa yapansi ndiyo yofunika kuisamala kuposa zonse, chifukwa mukaigwiragwira mkati ndi manja akuda ntchito yonse ya sefa yapita pachabe. Mavairasi ena ndi ang'ono kwambiri moti amadutsa m'dothimo, choncho kukabuka mliri thirani klorini m'madzi osefedwawo.

Ndipo musanapereke ndalama pa sefa iliyonse, funsani kuti kandulo kapena katiriji yake ikatha mudzaigula kuti, pa mtengo wanji. Masefa okongola obwera nawo kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai ndawaona atakhala pamwamba pa kabati akuchita fumbi, chifukwa chosinthira chake sichipezeka m'sitolo iliyonse ya m'tauni muno.

Majagi osefera ndi tizipangizo tomangirira pakamwa pa mpopi nthawi zambiri timakhala ndi makala apadera mkati. Ntchito ya makalawo ndi kuchotsa fungo ndi kakomedwe ka klorini. Tiyi amakoma ndithu, sindikana. Koma zimenezi si zida zophera tizilombo, ndipo pochotsa klorini zachotsanso chitetezo chimene chinali m'madzimo. Makala akakhalitsa osasinthidwa, tizilombo timaswanirana momwemo. Nyali ya UV imapha tizilombo, koma imafuna madzi oyera kale ndi magetsi osazimazima, ndipo mmene magetsi amakhalira kwanuko mukudziwa nokha.

Tsono pali makina okwera mtengo a pansi pa sinki, otchedwa reverse osmosis, amene ndi omwe ambiri a inu mumawasirira. Amakankha madzi pa kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamatsekereza ngakhale mchere, fluoride ndi nitrate. Ngati madzi anu ayezedwa n'kupezeka ndi zimenezi, makinawa ndi oyenera ndalama yake. Koma werengerani mtengo wake wonse. Amafuna madzi amphamvu, kotero kumene madzi amangobwera mofooka pamafunikanso pampu ndi magetsi. Ambiri a m'nyumba amataya malita atatu kapena anayi kuti akupatseni lita imodzi yakumwa, ndipo otayikawo adutsa kale pa mita yanu. Timasefa ta kutsogolo kwake timafuna kusinthidwa pakapita miyezi ingapo. Mukachedwa, klorini amadya kachikopa kaja, inu n'kumamwa madzi wamba mukuganiza kuti mukumwa osefedwa. Kuika makina otere pa madzi a pampopi a ku Area 47 kapena ku Namiwawa, kwa ine n'kuwononga ndalama. Inu a kumadera a mchere ndi fluoride amene simungawakwanitse, ganizirani zokolola madzi a mvula padenga la malata kuti akhale akumwa ndi ophikira, makamaka chifukwa cha ana amene mano awo akumera kumene. Mvula yoyamba muziilola itsuke denga, musaitunge, ndipo otungawo muzithirabe klorini.

Madzi ambiri amachoka pampopi kapena pamjigo ali abwino n'kukaipira m'nyumba mwathu momwe. Ndowa yosavindikira, zala zoviika m'madzi posenza, masamba oika pamwamba kuti asatayike panjira, kapu imodzi imene aliyense amamwera n'kuibwezeranso mumtsuko. Gulani ndowa ya chivindikiro ndi kampopi, kapena chigubu cha kukamwa kung'ono kumene dzanja silingalowe. Amene mumakonda mtsuko chifukwa umaziziritsa madzi, khalani ndi makapu awiri, ina ya chogwirira chachitali yotungira, ina yomwera. Chigubu chimene munali petulo kapena mankhwala opopera mbewu, ngakhale mutachitsuka kakhumi, musaikemo madzi akumwa.

Ena mwayamba kuika mathanki pamwamba chifukwa cha kusiyasiya kwa madzi. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza, ndi matani 5 amene ali pamwamba pa bwalo limene ana anu amasewera. Sitandi yake isakhale ya zitsulo zopyapyala zowotcherera mothamanga. Chivindikiro chikhale chothina kuti mbalame, abuluzi ndi udzudzu zisalowe, thankiyo isalowetse kuwala chifukwa ndere zimamera, ndipo muziitsuka mwina kamodzi pachaka.

Tsopano tibwere ku mapaipi. Udindo wa a Water Board umathera pa mita. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba, dontho lililonse mumalipira ndinu, lomwa ndi lotayika lomwe. Tsiku lolowa m'nyumba, musanapachike makatani, funani chotsekera madzi chachikulu, chimene amisiri amati stopcock kapena gate valve. Kawirikawiri chimakhala pafupi ndi mita. Chitsekeni, muchitsegulenso, muone ngati chikugwira. Onetsani akazi anu kapena amuna anu, ana osinkhukirapo ndi wantchito yemwe, chifukwa paipi imakonda kuphulika eni nyumba ali kumaliro kumudzi. Werengani mita pamodzi ndi alandilodi, mulembe nambala yake, ndipo mugwirizane kuti chikawonongeka chakutichakuti akonzetse ndani. Mawu amenewo akhale olembedwa, ngakhale pa WhatsApp.

Mita yomweyo ndi imene ingakuuzeni ngati pali pamene pakutayika madzi mobisika. Pogona tsekani mipopi yonse, lembani manambala onse ndi ang'onoang'ono omwe, ndipo m'mawa yang'ananinso wina asanatsegule mpopi. Ikasuntha, yambani kufufuza: khoma lonyowa, penti yofufuma, kapena kamalo ka udzu wobiriwira pabwalo mwezi wa Okutobala pamene kwina konse kwauma. Yuniti imodzi ya pa bilu ndi malita 1,000, ndipo paipi yodontha pansi pa nthaka siichedwa kuikwanitsa. Lekaninso chizolowezi chosiya mpopi wotsegula madzi akasiya kuti mudzamve akabwera. Amabwera pakati pa usiku inu muli m'tulo, kapena masana muli kuntchito, n'kudzapeza mphasa ndi mabuku a ana zikuyandama.

Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umataya madzi oposa ndowa ya malita 20 tsiku lililonse. Ambiri amaumanga ndi malegeni kapena kuukanikiza mwamphamvu potseka, zimene zimangowonjezera kuphwanya mkati. Chimene chatha ndi kamphira kakang'ono kotchedwa washer, kotchipa kwambiri, ndipo kukasintha ndi ntchito ya mphindi zowerengeka. Tsekani chotsekera chachikulu chija, tsegulani mpopi kuti madzi otsala atuluke, ndipo tsekani bowo la sinki kuti tizitsulo tisagweremo. Chotsani chogwirira, kenako masulani mutu wa mpopi ndi sipanala, dzanja lina litagwira thupi lake kuti musapotokole paipi m'khoma. Kunsi kwa mutuwo mupeza kamphirako katadyeka. Pitani nako kusitolo ya hadiweya kuti akupatseni kofanana nako, chifukwa mipopi imasiyana kukula. Mipopi yamakono yongopotoza pang'ono ilibe washer wotere, mkati mwake muli kachipangizo kamene kamasinthidwa kathunthu, ndipo nakonso muzipita nako kusitolo. Mukamagula mpopi watsopano, unyamuleni m'dzanja. Wa brass umalemera ndipo umakhalitsa, pamene wopepuka wonyezimira suchedwa kuthyoka pamazinga. Tepi yoyera yokulunga pamazinga muziikulunga motsatira kumene chomangiracho chizungulire pomanga, apo ayi imangosomphoka n'kudzikundika. Musadikire kuti mwezi uthe. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chimene chimakweza bilu mwakachetechete kuposa mpopi ndi chimbudzi chogejemula. M'kathanki kake muli zinthu ziwiri zimene zimatha: mpira woyandama umene umatseka madzi akadzaza, ndi mphira ya pansi imene imawagwira kuti asatsike. Chimodzi chikafooka, madzi amayenda usiku ndi usana popanda phokoso. Kuti mudziwe, thirani tiyi wakuda bii kapena Sobo pang'ono m'kathankimo, musagejemule, mudikire theka la ola. Mtunduwo ukaonekera pansi, mphira yatha. Ngati madzi akusefukira pa kapaipi kotayira, tsitsani pang'ono mkono wa mpira uja kapena sinthani kamphira ka pamene madzi amalowera. Alendo amene sanazolowere chimbudzi chotere auzeni mwaulemu, musachite manyazi, kuti zitsononkho, nyuzipepala, matewera a ana ndi mapadi zimatseka paipi. Kuwauza n'kosavuta kusiyana ndi kukumba bwalo lonse. Dzenje la septic likadzaza itanani galimoto yopopa. Musalole munthu kutsikiramo, chifukwa mpweya wa mmenemo umapha msanga, ndipo wotsika kukapulumutsa mnzake nayenso amatsalira momwemo.

Pansi pa sinki pali paipi yokhota kapena yooneka ngati kabotolo. Anaipanga dala motero kuti muzitsala madzi pang'ono otchinga fungo la kungalande. Mmenemo ndi mmene mumatsakamira zotsala za nsima, mafuta oundana, masamba a tiyi, ndi mchenga ndi phulusa zimene timakwechera mapoto. Mapoto a pamoto muzikwechera panja. Sinki ikatseka, ikani beseni pansi, masulani paipiyo ndi manja, tayani zonyansa, mangani. Musathamangire mankhwala, ndipo musayerekeze kusakaniza Jik ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wowotcha mapapo.

Amene mwayamba kumanga, apa ndiye tcherani khutu, chifukwa cholakwika chokwiriridwa m'khoma chimadula kuchikonza. Mapaipi achitsulo amachita dzimbiri n'kumachepa mkati zaka zikamapita. A PVC amauma n'kusweka akakhalitsa padzuwa, ndipo si a madzi otentha. Akuda a HDPE ndi abwino kukwirira pansi kuchokera pa mita. Mmisiri amene amawotcha PVC pamoto kuti alowetse inzake akukukonzerani malo odzadontha, chifukwa pali zolumikizira zake ndi guluu wake. Kwirirani mozama moti khasu lisafike, ndipo paipi ya madzi akumwa isagone pamodzi ndi ya kuchimbudzi. Musanapake pulasitala tsegulani madzi akhale m'mapaipi tsiku lonse muone ngati pali ponyowa, kenako jambulani makoma onse ndi foni. Zithunzi zimenezo zidzakuthandizani tsiku lokhoma msomali wa chithunzi cha ukwati.

Giza ndi shawa yamagetsi siyirani odziwa, chifukwa pamenepo madzi akumana ndi magetsi. Inu mungodziwa ziwiri. Kapaipi kamene kamadontha nthawi zina pa giza ndi kotulutsira mphamvu madzi akatentha n'kufufuma, musakatseke ngakhale kakukwiyitseni. Ndipo madzi akasiya zimitsani giza, chifukwa chotenthetsera chake chikayaka popanda madzi chimapsa.

Padzabwera wina wokunong'onezani kuti angathe kulambalala mita kuti musamalipire. Mukaneni. Ndi mlandu, akakugwirani amadula madzi n'kukulipiritsani chindapusa, komanso malo olumikiza mobisa usikuwo ndi amene amalowetsa zonyansa m'paipi imene anansi anu onse amamwera. Mukaona paipi yaphulika pamsewu imbani foni ku Water Board, musaganize kuti wina waimba kale.

Inu amene muli kumudzi musaone ngati nkhani ya sipanala ndi ya a m'tauni. Pampu ya Afridev imene ili pa mijigo yathu yambiri inayesedwa kuno ku Malawi ndi ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, ndipo anaipanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kusolola ndodo zake n'kusintha timphira totha popanda kudikira galimoto ya kuboma. Mjigo ukayamba kufuna kupopa kambirimbiri madzi asanatuluke, timphirato tayamba kutha. Perekani ndalama ya mwezi ndi mwezi ku komiti ya mjigo, ndipo achinyamata lowanimo m'komitimo, musangosiyira agogo anu.

Pa ntchito zazikulu itanani pulambala, koma sankhani bwino. Funsani kumene anagwirako ntchito ndipo mukaone nokha, kapena ngati anaphunzira m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Gwirizanani mtengo asanagwire chida, pitani naye limodzi kukagula zipangizo, ndipo zakale zimene wachotsa azikusiyirani. Mukapeza wokhulupirika mulipireni pa nthawi yake, musamuzungulitse. Ana anga aakazi, zonsezi ndikuuza inunso, sipanala siisankha dzanja. Pulambala akamagwira ntchito musapite kukaonera mpira kapena kukhala pa foni. Imani pambali pake, mugwirireni tochi, mufunseni dzina la chilichonse chimene wamasula ndi kumene chimagulidwa. Mpopi ukadzadonthanso, washer mudzasinthe nokha.